Tembenuzani tebulolo, tione kunsi kwake

Munthu akamaliza kupanga chinthu ndi manja ake amafuna wina achione. N'zachibadwa zimenezi. M'malo amene anthu amagwiritsa ntchito zida pamodzi, kaya ndi shedi ya akalipentala, kalabu ya achinyamata kapena gulu la anthu opuma pantchito, zimachitika mofanana: vanishi akangouma, tebulo amalikokera powala, foni ituluke m'thumba, chithunzi chipite pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mayankho nawo ndi omwe aja: "Koma ndiye luso!", "Nanenso mundipangire." Chisangalalo chimenechi ndilibe nacho mlandu, ndipo amene wathera masabata akupala ndi kukwecha matabwa ayenera kuomberedwa m'manja. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tazolowera kuthera pomwepo. Ine ndimaona kuti amene wapangira chinthu pa zida za gulu ali ndi ngongole kwa gululo, ndipo chithunzi cha pamwamba ponyezimira sichibweza ngongoleyo. Aonetse kunsi. Anene mtengo umene wagwiritsa ntchito ndi komwe wachokera, atchule amene anamuthandiza, ndipo pakatha chaka abwerenso adzatiuze mmene chinthucho chilili.

Tsiku lopaka vanishi ndi tsiku limene maso amanamizika mosavuta. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa ntchito ya matabwa nyererezo sizioneka mpaka nyengo itasintha. Thabwa silileka kuyenda ngakhale mtengo wake unagwetsedwa kalekale. Mpweya ukakhala ndi chinyezi limamwa n'kufufuma, kunja kukauma limabwerera. Mtengo wongodula kumene umakhala ndi madzi ambiri, koma madzi oyamba kutuluka sasintha kukula kwa thabwa. Chinyezi chake chikatsika kufika cha m'ma 30 peresenti, m'pamene limayamba kuchepa. Ndipo silichepa mofanana mbali zonse. Mulitali silisintha kwenikweni. Limayenda mulifupi, ndipo kuyenda kotsata mizere yozungulira ija ya zaka za mtengo kumakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri kuyenda kochokera pamtima pa mtengo kupita kukhungwa. N'chifukwa chake thabwa locheka cham'mbali mwa chipika limakhota likamauma, pamene lodutsa pamtima limakhala losalala.

Amisiri akale ali ndi lamulo la pakamwa lakuti thabwa loumitsa pamthunzi limafuna chaka chathunthu pa mamilimita 25 alionse a kukhuthala kwake. Ndi angati mwa ife amadikira choncho? Ambiri timagula thabwa lero, mawa talicheka. Ngakhale thabwa louma bwino silikhala phee: pamwamba pa tebulo la masentimita 60 mulifupi pakhoza kusintha ndi theka la sentimita, mwinanso kuposa, pakati pa nyengo yachinyezi ndi nyengo youma. Vanishi amangochedwetsa kuyendaku, sakuletsa. Ndiye tebulo limene likuwala lero silinayesedwe. Mayeso ake ayamba likalowa m'nyumba.

Tsono ligonekeni chagada pa benchi muone. Pali tebulo lina limene mwini wake walimanga pamwamba ndi masikuluwu olimba mbali zonse zinayi, aliyense m'kabowo kake kothina, mwinanso wathirapo guluu kuti zigwire zedi. Iye akuona ngati walimbitsa. Koma thabwa likadzafuna kuchepa lidzasowa kolowera, ndipo lidzang'aluka kuyambira kumapeto, kapena lidzakoka miyendo n'kuyamba kugwedera. Pali tebulo lina limene kunsi kwake mupeza mabowo a masikuluwu atawakulitsa chopingasa, kapena timatabwa ting'onoting'ono tokola mu kangalande kosemedwa m'felemu, togwira pamwamba kuti pasanyamuke koma tolola kuti pasendere uku ndi uku. Matebulo awiriwa mukawajambula kuchokera pamwamba ndi amodzi. Kusiyana kwawo konse kuli kumene kamera sifika, ndipo wophunzira amene anangoona chithunzi adzakapanga loyamba lija, chifukwa ndi limene nzeru zachibadwa zimamuuza.

N'chimodzimodzi ndi majointi. Guluu woyera wa matabwa akagwira matabwa awiri m'mbali mwake, opalidwa bwino ndi kupanidwa mokwanira, polumikizapo pamalimba moti mukathyola, thabwa ndi limene limang'ambika, mzere wa guluu n'kutsala. Koma guluu yemweyo mukamupaka kumutu kwa thabwa, kumene mitsempha ya mtengo yathera, ambiri amangomwedwa ndipo malo ogwira amakhala ochepa. N'chifukwa chake mwendo wa mpando umafuna jointi yolowetsa mutu wa thabwa lina m'bowo la linzake, kuti guluu apeze mbali zogwira. Mpando womata chabe ndi wa jointi yeniyeni amaoneka ofanana akapakidwa utoto. Kapena taonani chitseko cha kabati chimene thabwa lake lapakati lili mu ngalande ya felemu. Ngati mmisiri anapaka vanishi atamanga kale, nyengo youma ikafika thabwalo limachepa ndipo m'mbali mwake mumatulukira kamzere kotuwa, kosapakidwa. Amene anaonapo kamzereko kamodzi, n'kuuzidwa chifukwa chake, sadzaiwala kupaka thabwa lapakati asanalilowetse. Phunziro lotere silipezeka pa chithunzi cha tsiku lomaliza. Limapezeka pa kabati ya chaka chatha, mwini wake akalolera kuionetsa.

Pali china chimene chithunzi chimabisa, ndipo ichi chimakhudza moyo wa anthu. M'mashedi ambiri a gulu anthu amakonda matabwa otola: mapaleti onyamulira katundu, zitseko zakale, zidutswa zotsala pomanga. N'zoyamikika, chifukwa zimapulumutsa mitengo. Koma paleti imene yayenda pakati pa mayiko imakhala ndi chidindo cha lamulo lotchedwa ISPM 15. Pakalembedwa HT ndiye kuti anaitenthetsa mpaka pakati pa thabwa patafika madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife. Pakalembedwa MB ndiye kuti anaifukiza ndi mankhwala a methyl bromide. Ngakhale ya HT yomwe, palibe akudziwa chimene chinatayikirapo pa ulendo. Matabwa obiriwirako othira mankhwala a CCA, oteteza ku chiswe ndi kuola, ali ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo ku America analeka kuwagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri za pakhomo kumapeto kwa 2003. Utoto wakale wa pa zitseko nthawi zina umakhala ndi mtovu. Tsono munthu akaonetsa thabwa lodulirapo zakudya, kapena kagalimoto kamatabwa ka mwana amene chilichonse amaika m'kamwa, osanena kuti thabwalo ndi lanji ndipo wapakapo chiyani, anzake khumi amatengera, aliyense n'kutola thabwa limene lili pafupi. Kunena kuti "ili ndi thabwa losathira mankhwala, ndipo ndapakapo mafuta osavulaza akalowa m'kamwa" ndi mawu ochepa, koma ndi gawo la ntchitoyo monga momwe kupala kulili.

Ndipo poti tanena za mafuta: nsanza zimene mwapukutira mafuta a linseed, mukaziunjika pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, chifukwa mafutawo akamauma amatulutsa kutentha. Muziyanike chotambasula panja kapena muzimize m'madzi. Amene waonetsa tebulo lopaka mafuta amenewa aziwonjezera chenjezoli, pakuti shedi ndi ya tonse ndipo moto susankha kuti tebulo linali la yani.

Dzina la mtengo lili ndi kulemera kwinanso. Mitengo yokongola kwambiri ndi yomwenso ikutha. Pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi, la CITES, linaika pafupifupi mitundu yonse ya Dalbergia, banja la phingo ndi rosewood, pa mndandanda wake wachiwiri, wa zamoyo zimene kuzigulitsa kunja kwa dziko kumafuna chilolezo, kuyambira mu 2017. Mukula unalowa mu 2019. Pa msonkhano wa ku Panama mu 2022 anawonjezera mitundu ya mu Africa ya Khaya, Afzelia ndi Pterocarpus, momwe muli mbawa ndi mlombwa. Izi siziletsa mmisiri kupanga mpando, koma zikutiuza kuti matabwawa sali ochuluka monga momwe maso amaonera pamsika. Chithunzi chokongola cha tebulo la mtengo wosowa chimadzutsa chilakolako mwa anthu mazana. Ngati mwini wake ananena kuti thabwalo analichotsa pa bedi lakale lothyoka, chilakolakocho chimalunjika ku zinthu zakale zotayidwa. Akakhala chete, chimalunjika kunkhalango. Ndipo amene wapanga chinthu chaulemu ndi paini kapena bulugamu alinene dzina la mtengowo mokweza, kuti ena aone kuti luso silidikira mtengo wodula.

Za kutchula mayina sindichulutsa. M'shedi ya gulu palibe chinthu chimene chimatuluka m'manja mwa munthu mmodzi. Wina ananola tchizulo ndi puleni musanafike. Wina anagwira mbali ina ya kabati pamene guluu anali kuuma inu muli kalikiliki ndi zopanira. Mayi wina anakuonetsani kuyeza kuchokera pakona kufika pakona, mbali zonse ziwiri, kuti mudziwe ngati bokosi lakhala sikweya. Chithunzi chikatuluka ndi mawu oti "ntchito ya manja anga", anthu amenewa amaona, ndipo sanena kanthu, koma ulendo wina sathamangira kudzagwira mbali ina ija.

Tsopano ndimve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Choyamba amati: anthu ambiri sabwera ku shedi kudzalemba mayeso. Amabwera kudzapeza anzawo. Izi n'zoona ndithu. Mashedi a abambo otchedwa Men's Sheds, amene anayamba ku Australia m'zaka za m'ma 1990 ndipo bungwe lawo la m'dziko lonselo linakhazikitsidwa mu 2007, anayambika pofuna kuthana ndi kusungulumwa kwa abambo opuma pantchito, kenako anafalikira ku Ireland, ku Britain ndi kwina. Mfundo yawo ndi yakuti abambo ambiri amamasuka kulankhula ali phewa ndi phewa pantchito kusiyana ndi kuyang'anizana maso ndi maso. Bambo wamasiye amene wapanga kabokosi kake koyamba ali ndi zaka 70, kodi n'chilungamo kumutembenuzira kabokosiko pagulu n'kumuloza mipata? Mtsikana amene walimba mtima kulowa m'shedi yodzaza amuna, akangomva "apa mwalakwitsa", kodi adzabweranso?

Yankho langa n'lakuti amene atembenuze chinthucho ndi mwini wake, ndipo oyamba kutembenuza akhale akatswiri. Mmisiri wa zaka zambiri akaimirira n'kunena kuti, "Taonani apa, jointi iyi inatseguka ndipo ndinatsekapo ndi utuchi wosakaniza guluu, dilowa iyi imakakamira nyengo ya mvula chifukwa ndinaithinitsa," woyamba kumene amapuma bwino. Amazindikira kuti mipata ya pa kabokosi kake si umboni woti alibe mutu. Chimene chimathamangitsa ophunzira si kuona zolakwika za ena. Ndi kuona zinthu zangwiro zokhazokha, chithunzi pa chithunzi, n'kumaganiza kuti aliyense anabadwa akudziwa kupatula iwo. Ndaona anthu akubisa shelefu yawo kuseri kwa mulu wa matabwa tsiku loonetsa ntchito chifukwa yayandikana ndi kabati yonyezimira, pamene kabatiyo ikanatsegulidwa kumbuyo akanapeza misomali yopindika ngati yawo yomwe. Ndipo pa za ubwenzi uja: kodi kucheza kwenikweni kumayamba pati? "Zokongola" amayankha "zikomo", nkhani yatha. Koma "apa munachita bwanji kuti pagwire?" imakhala nkhani ya ola lathunthu, anthu awiri ataweramira chinthu chimodzi.

Palinso kalankhulidwe. Munthu wamkulu msinkhu amene wangoyamba kumene simumuuza kuti "mwaphonya". Mumati, "Bambo, ine pamenepa ndimakulitsa kabowo, kuti thabwa likafufuma lipeze malo." Mwapereka nzeru, ulemu wake n'kutsala wathunthu. Shedi imene singathe kulankhula motere ili ndi vuto lalikulu kuposa la majointi.

Chachiwiri amati: ndikaonetsa zonse andibera. Ena amapanga zinthu kuti agulitse, ndipo njira imene anaivutikira ndiyo chuma chawo. Nkhawa imeneyi siyopanda pake, ndipo sindinganene kuti munthu azigawa miyezo ya chinthu chimene akudyerapo kwa aliyense wodutsa pa intaneti. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Maonekedwe a mpando, amene ndi osavuta kubera, ndi omwe chithunzi cha pamwamba chimapereka kale kwaulere. Zimene ndikupempha, za mmene thabwa limayendera, mmene guluu amagwirira, mtengo umene uli wotetezeka, si chinsinsi cha munthu. Anazipeza ena zaka mazana apitawo, ndipo inu munazilandira kwa wina pa benchi yomweyo. Ma Fab Lab, malo opangira zinthu a gulu amene anayambira ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anaika nkhaniyi m'malamulo awo: munthu akhoza kuteteza ndi kugulitsa chimene watulukira, koma chikhalebe chopezeka kwa ena kuti aphunzirepo, ndipo wogwiritsa ntchito malowo ali ndi udindo wolemba zimene wachita ndi kuphunzitsa anzake. Malire amenewa ndimawaona achilungamo.

Mu 1974 katswiri wokonza mipando wa ku Italy, Enzo Mari, anatulutsa mapulani a matebulo, mipando ndi mabedi oti munthu aliyense apange yekha ndi matabwa wamba, hamala ndi misomali. Anawapereka kwaulere kwa aliyense kupatula makampani ofuna kupangira malonda, ndipo anapempha kuti amene wapanga amutumizire chithunzi cha chimene chatuluka. Cholinga chake chinali chakuti munthu akamanga tebulo ndi manja ake amvetse chifukwa chimene limaimira, kuti akadzapita kogula azitha kuzindikira chabwino ndi chachinyengo. Pamenepa ndi pamene wogulitsa woona mtima amapindula. Wogula amene waphunzira kusuzumira kunsi kwa tebulo amasiya kufunsa chifukwa chimene lanu ladulira kuposa la mnzanu lomata ndi guluu ndi utoto wokhuthala.

Zoonetsa ntchito kwa anzako odziwa si zachilendo pa umisiri. Ku Germany wophunzira ukalipentala wa mipando, akamaliza zaka zitatu, amapanga chinthu chake chotchedwa Gesellenstück, chimene akatswiri amachiyesa asanamuvomereze, ndipo kawirikawiri zinthuzi amaziika poyera kuti anthu adzaone. Ku France amisiri a m'magulu a compagnons, amene mwambo wawo bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2010, nawonso amapereka ntchito ya manja awo kwa anzawo kuti alandiridwe. Oyesawo amatsegula madilowa, amayendetsa chala m'kati mwa jointi, amayang'ana kumbuyo kumene kudzatsamire khoma. Sindikufuna kuti shedi ya gulu isanduke bwalo la mayeso lotere, ndanena kale chifukwa chake. Chimene ndikutengapo n'chakuti kulikonse kumene luso lakhala likudutsa ku mibadwo, anthu ankaonetsana mbali yobisika. Osoka amadziwa zimenezi kuposa ife: mukawapatsa malaya amayamba ndi kuwatembenuza aone msoko. Woluka dengu amayang'ana pansi pamene linayambira ndi m'mphepete mmene lathera. Woumba amagogoda mphika amve kulira kwake.

Nanga tichite chiyani? Sizifuna ndalama. Chinthu chilichonse chotuluka m'shedi chilembedwe kunsi ndi pensulo, asanapake vanishi: mtundu wa mtengo, komwe thabwa linachokera, mwezi ndi chaka, chimene apakapo, ndi mayina a amene anagwirapo. Zolembazi zidzathandiza ngakhale munthu amene adzakonze mpandowo zaka makumi awiri zikubwerazi, chifukwa adzadziwa guluu ndi mafuta amene akulimbana nawo. Pojambula, pa chithunzi chimodzi cha pamwamba pakhale china cha kunsi ndi china cha jointi chapafupi, chinthucho chisanapakidwe utoto ngati n'kotheka.

Koma chimene ndimachilakalaka kwambiri ndi tsiku limodzi pachaka loonetsa zinthu zakale zokhazokha, zimene zakhala m'nyumba nyengo yachinyezi ndi youma yomwe. Abwere nacho chopondera chimene ana akhala akudumphirapo, thabwa lodulirapo limene lakhota chifukwa ankalisiya m'madzi, shelefu imene yagwa pakati ndi kulemera kwa mabuku. Chachikulu chosanyamulika achijambule pamene pang'aluka. Chothyoka chibwere ndi zidutswa zake, chifukwa pothyokapo pamaonetsa ngati walephera ndi guluu, thabwa kapena kapangidwe: mukapeza guluu wouma wosalala mbali imodzi, jointi sinagwire, mukapeza timitsitsi ta mtengo tatsalira pa guluu, jointi inagwira koma thabwa linali lopyapyala kapena mitsempha yake inayenda mopingasa. Shelefu yogwa pakati ija imaphunzitsa za utali: mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa zochirikiza, mabuku n'kudzaza monse ngati kale, kugwa kwake kumawirikiza ka 16. Amene akukonzekera kupanga shelefu yotsatira akaona zimenezo ndi maso, adzaika chochirikiza pakati kapena adzamata kathabwa koimirira kutsogolo kwake asanacheke n'komwe.